Mtengo wa pachithunzi si mtengo wa galimoto: zoyenera kudziwa musanagule galimoto yochokera ku Japan

Munthu aliyense amene anaimapo pamphepete mwa msewu wa M1 m'mawa n'kumaona galimoto zikudutsa angavomereze kuti zambiri mwa galimoto zing'onozing'ono zimene zikuyenda m'Malawi muno zinayamba moyo wake ku Japan. Sienta yonyamula anthu pakati pa tauni ndi kumudzi, Probox ya wogulitsa katundu, Vitz ya mphunzitsi, Mira ya mtsikana amene wangoyamba ntchito kubanki, zonsezi zinakhalapo ndi mwini wina kutsidya kwa nyanja zisanafike kuno. Galimoto yatsopano yeniyeni, yotuluka m'sitolo ya kampani yovomerezeka ili ndi chitsimikizo cha wopanga, imagulidwa makamaka ndi boma, makampani ndi mabungwe, pakuti mtengo wake ndi wosafikirika kwa munthu wodalira malipiro a pamwezi. Choncho tikamakamba za kugula galimoto, ambirife timatanthauza yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo funso limakhala lakuti tiitanitse tokha kuchokera kunja kapena tigule imene yafika kale.

Ndi bwino kuyamba ndi kumvetsa chifukwa chake dziko la Japan limatulutsa galimoto zochuluka chotere zikadali zooneka bwino. Kumeneko kuli lamulo loyeza galimoto lotchedwa shaken, limene limafuna kuti galimoto ya munthu wamba iyezedwe patatha zaka 3 chiigulire yatsopano, kenako pa zaka 2 zilizonse. Kuyezako kumayendera limodzi ndi misonkho ndi inshuwalansi, ndipo kumadya ndalama zambiri, moti eni ake ambiri amaona kuti n'kwabwino kugulitsa galimoto nthawi yoyeza ikamayandikira kusiyana ndi kupitiriza kuilipirira. Galimoto zoterezi zimapita kumisika ya okushoni monga ya USS, kumene makampani otumiza galimoto kunja amakazigula, n'kuziika pa intaneti. Mayina ngati BE FORWARD ndi SBT Japan ndi odziwika kwa Amalawi ambiri pa chifukwa chomwechi. Palinso mwayi wina umene tili nawo: ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, ndipo chiwongolero chimakhala kumanja, motero galimoto zawo zimalowa pamisewu yathu popanda kusintha kanthu.

Cholakwa chachikulu chimene ndachiona mobwerezabwereza kwa abale ndi anzanga n'chakuti munthu amaona mtengo umene walembedwa pansi pa chithunzi, n'kuuchulukitsa ndi mtengo wa dola, basi mtima n'kukhala pansi kuti galimoto wayikwanitsa. Mtengo umenewo nthawi zambiri umakhala wa FOB, kutanthauza mtengo wa galimoto itakwezedwa m'sitima padoko la ku Japan, osaphatikizapo ulendo wapanyanja. Mtengo umene mukuyenera kufunsa ndi wa CIF, umene umaphatikiza galimotoyo, inshuwalansi ya paulendo ndi ndalama yonyamulira mpaka padoko limene mwasankha. Pa galimoto zotchipa, ndalama yonyamulira yokha ikhoza kuyandikira mtengo wa galimotoyo, chifukwa sitima imalipiritsa malo amene galimoto yatenga, osati ukalamba wake. Ndipo CIF nayonso imathera padoko, pamene ulendo wa ndalama zanu uli pakatikati.

Popeza dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, galimoto zambiri zimatsikira ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, ngakhale kuti ena amagwiritsa ntchito Durban kapena madoko a ku Mozambique. Ulendo wapanyanja umatenga mwezi kapena kuposerapo. Ikatsika, pamafunika ejenti woitulutsa padoko, ndipo ejentiyo sangachite kanthu popanda chikalata cha sitima chotchedwa bill of lading, chimene wogulitsa amatumiza mukamaliza kulipira. Apa pali msampha umene ambiri saudziwa: doko limapereka masiku ochepa osungira galimoto kwaulere, ndipo masikuwo akatha limayamba kulipiritsa tsiku ndi tsiku. Munthu amene wachedwa kutumiza zikalata kapena kupeza ndalama ya ejenti amapezeka akulipira lendi ya galimoto imene sanaikhudzepo n'komwe. Kuchoka pamenepo galimoto imayenda ndi nambala yongodutsira, ija timaitcha IT, kudzera ku Morogoro, Iringa, Makambako ndi Uyole kufupi ndi Mbeya, n'kutsetsereka kudutsa Tukuyu mpaka ku Kasumulu, mtunda wopitirira makilomita 900. Ikawoloka mtsinje wa Songwe n'kulowa m'boma la Karonga, pamatsalabe makilomita opitirira 600 kuti ifike ku Lilongwe, kudzera m'zitunda za Chiweta ndi mumzinda wa Mzuzu. Mafuta a ulendo wonsewu, malipiro a dalaivala, chakudya ndi malo ake ogona, zonsezo n'zanu. Ndipo muyenera kudziwa kuti galimoto imene inazolowera kuyenda pang'onopang'ono m'mizinda ya ku Japan ikukumana koyamba ndi ulendo wautali, pa dzuwa lotentha, m'manja mwa munthu amene akuthamangira kubwerera kukatenga ina. N'chifukwa chake kusankha dalaivala wodalirika, komanso kulamula kuti oyilo, madzi ndi matayala zionedwe isananyamuke, ndi mbali ya kugula, osati nkhani yapadera.

Pachipata ndi pamene pamadikira bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo apa m'pamene maloto a anthu ambiri amaimira. Msonkho wa galimoto uli ndi zigawo: wolowetsera katundu m'dziko, wa excise ndi wa VAT, ndipo kuchuluka kwake kumayendera mtundu wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake. Mfundo yaikulu n'njakuti injini ikamakula, msonkho umakwera, ndiponso galimoto yokalamba kwambiri siikupulumutsani monga mmene mtengo wake wa pachithunzi ukusonyezera. Malamulo amenewa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho chiwerengero chimene mnzanu analipira chaka chatha chisakhale maziko a chikonzero chanu. Funsani ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka musanatumize ngakhale dola imodzi ku Japan, mutatchula mtundu weniweni, chaka ndi kukula kwa injini. Ndi zomvetsa chisoni kuona galimoto zitandandalika pachipata miyezi ndi miyezi, fumbi litakuta magalasi, matayala akuphwa, chifukwa eni ake anagula kaye n'kufunsa za msonkho pambuyo.

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani ya kwacha. Mu May 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Aliyense amene galimoto yake inali panyanja pa masiku amenewo anagona ali ndi ndalama yokwanira, n'kudzuka ali ndi yopelewera. Kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kumachititsanso kuti kutumiza malipiro kutenge nthawi, pamene wogulitsa ku Japan amasunga galimoto masiku owerengeka okha. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti munthu amene ndalama zake zangokwanira ndendende, popanda yapadera yodzitetezera, asaitanitse galimoto kunja. Ndi bwino agule yaing'ono kuposa imene amailakalaka, n'kutsala ndi kenakake m'thumba.

Tsopano, kodi galimoto imene simunaione ndi maso mungaidziwe bwanji? Chithunzi chimanyenga, ndipo akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chimanena zoona ndi zikalata ziwiri. Choyamba ndi pepala la kuokushoni, pamene woyeza wa kumsikako amapereka giredi: 5 ndi 4.5 ndi zabwino kwambiri, 4 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zofunika kukonza, ndipo chilembo cha R chimasonyeza kuti galimotoyo inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Papepalapo pamakhalanso chithunzi chojambula pamanja cha galimoto, pomwe chilembo A chimaimira kukalika, U kubonyoka, W malo amene anawongoledwa n'kupakidwanso penti, ndipo XX ndi chitsulo chimene chinachotsedwa n'kuikapo china. Si galimoto zonse zimene zimabwera ndi pepalali, koma ngati lilipo lipempheni. Chachiwiri ndi chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan, chimene chimalemba nambala ya chasisi, nthawi imene galimoto inalembetsedwa koyamba, komanso makilomita amene inali itayenda pa nthawi imene inayezedwa. Ngati chikalatacho chikusonyeza kuti zaka ziwiri zapitazo galimoto inali itayenda makilomita 140,000, koma lero wotchi yake ikuwerenga 68,000, simukufunikanso umboni wina wakuti wina anaibweza. Zaka pa zikalata za ku Japan zimalembedwa motsatira ulamuliro wa mfumu yawo: nyengo ya Heisei inayamba mu 1989 n'kutha mu 2019, pamene inayamba ya Reiwa. Kuti mupeze chaka chathu, wonjezerani 1988 pa chaka cha Heisei, moti Heisei 24 ndi 2012. Kachinthu kakang'ono kameneka kamateteza munthu kuti asagulitsidwe galimoto ya 2009 pa mtengo wa ya 2013.

Koma ngakhale galimoto itakhala yangwiro, funso lofunika kwambiri n'lakuti kodi ikhala moyo wotani ikafika kuno. Ine ndimakhulupirira kuti galimoto yabwino kwa Mmalawi si imene ili ndi zinthu zambiri zamakono, koma imene makaniko wa kwanuko amaidziwa, ndiponso imene masipeyala ake mungawapeze ku Biwi kapena ku Ndirande tsiku lomwelo. Injini ya Toyota ya 1NZ, ya 1500cc, imene imapezeka mu Probox, Sienta, Axio, Fielder ndi zina, yatchuka osati chifukwa cha kukongola koma chifukwa chakuti ndi yopirira, ndipo pafupifupi galaja iliyonse inaitsegulapo. Galimoto yachilendo, ngakhale itatchipa motani, ikathyoka kachitsulo kamodzi imakhala pamiyala milungu ingapo mukudikira sipeyala yochokera ku South Africa kapena ku Dubai. Muganizirenso msewu wopita kwanu. Galimoto yotsika kwambiri imakhala bwino pa tala, koma ngati nyengo yadzinja mumadutsa m'matope ndi m'zigwembe, kapena ngati mwezi ndi mwezi mumapita kumudzi kukatenga matumba a chimanga, pansi pake padzakhala pakukhula tsiku ndi tsiku. Tigalimoto ta 660cc ngati Mira timamwa mafuta pang'ono ndipo timathandiza m'tauni, koma sitinapangidwire kunyamula anthu asanu ndi katundu kukwera Chiweta.

Nkhani ya mafuta ndi yosafunika kukumbutsana kwa aliyense amene anagonapo pamzere wa pamalo omwetsera mafuta. Tingoyerekeza: munthu woyenda makilomita 30 patsiku amayenda pafupifupi makilomita 900 pamwezi. Galimoto yoyenda makilomita 15 pa lita imodzi idzafuna malita 60, pamene yoyenda makilomita 9 pa lita idzafuna malita 100. Kusiyana kwa malita 40 mwezi uliwonse, kwa zaka zisanu, ndi ndalama yoti ikanatha kulipirira mwana sukulu. Galimoto za hybrid, zoyendera mafuta ndi magetsi a batire, monga Aqua ndi Prius, zimapulumutsa mafuta kwambiri, koma batire lake lalikulu limafooka ndi zaka, ndipo kulisintha n'kodula, choncho musagule yotere popanda kuliyeza ndi makina komanso popanda kudziwa amene angaikonze. Galimoto zambiri zing'onozing'ono za masiku ano zili ndi giyabokosi yodzisinthira yokha ya mtundu wa CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wa giyabokosi wamba ndi njira yachidule yoiphera, ndipo zambiri zafa motero m'manja mwa anthu amene anali ndi cholinga chabwino.

Pali zina ziwiri zimene zimadza ndi galimoto za ku Japan zimene anthu amazinyalanyaza. Kumpoto kwa dzikolo, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chofewa ndipo m'misewu amathiramo mchere, umene umadya chitsulo cha pansi pa galimoto, motero chithunzi cha kunsi n'chofunika kuposa cha mipando. Ndiponso galimoto zambiri zimabwera ndi matayala a nyengo yozizira, amene amaoneka atsopano ndi mano akuya, koma mphira wake ndi wofewa, wosayenera tala wotentha wa mu October. Amatha msanga ndipo sagwira bwino msewu pomanga mabuleki. Yang'anani pambali pa tayala: pali manambala anayi amene amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2316 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Tayala la zaka zambiri, ngakhale mano ake atakhala athunthu, ndi loopsa kwa inu ndi banja lanu. Za wailesi imene imakana kugwira masiteshoni ambiri a kuno chifukwa cha kusiyana kwa mafunde a FM, imeneyo ndi nkhani yaing'ono yotheka kukonza ndi kachipangizo kotchipa.

Njira yachiwiri, yogula galimoto imene ili kale m'dziko muno, imadulirapo chifukwa wogulitsa waikapo phindu lake, koma ili ndi ubwino umodzi waukulu: mumaiona, mumaimva, mumaiyendetsa. Ubwino umenewu umatayika ngati mwapita nokha, madzulo, mtima uli m'mwamba. Ndikukumbukira tsiku limene ndinaperekeza msuweni wanga kukaona galimoto ina yake imene anali ataikonda kale pa foni. Tinatenga makaniko wachikulire wa kwathu, ndipo iye anaumirira kuti tipite m'mamawa, wogulitsa asanailize. Titafika, sanayang'ane penti n'komwe. Anayamba waika dzanja pa boneti, n'kupeza kuti ndi yofunda, ndipo anafunsa modekha kuti, "Achimwene, mwailiza kale bwanji, pomwe tinagwirizana kuti tiipeze yozizira?" Kenako anatsegula chotsekera cha oyilo, n'kutionetsa kunsi kwake, kumene kunali utoto woyererako ngati tiyi wamkaka. Anapukuta chala chake pa nsanza n'kuuza msuweni wanga kuti, "Mwanawe, madzi akulowa mu oyilo. Gasiketi yapita, ndipo mwina injiniyi inawirapo. Tiyeni tizipita." Msuweni wangayo anakhumudwa ulendo wonse wobwerera, koma ndalama yochepa imene tinamupatsa mkuluyo inapulumutsa ndalama zimene anasunga zaka zitatu.

Zimene makaniko uja ankafufuza aliyense angaziphunzire. Injini yozizira imaulula zimene yotentha imabisa: kuvuta kulira, kugogoda, ndi utsi. Utsi wabuluu umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, woyera wokhuthala umene sukutha ngakhale injini itatentha umasonyeza madzi, ndipo wakuda umasonyeza kuti mafuta sakupsa bwino. Mukatembenuza kiyi musanalize, nyali zonse zochenjeza ziyenera kuyaka kaye kenako n'kuzima injini ikalira. Ngati ya injini kapena ya airbag siyaka n'komwe, mwina wina anaizimitsa dala kuti abise vuto, ndipo makina oyezera ndi amene angakuuzeni zoona. Onani mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi mabampala ngati ili yofanana mbali zonse, ndipo muone penti padzuwa, chifukwa chitseko chopakidwanso chimasiyana pang'ono ndi chinzake. Tukulani kapeti wa kubuti pamene pamakhala tayala lapadera, pakuti pamenepo m'pamene zipsera za ngozi ya kumbuyo ndi matope a galimoto yomizidwapo m'madzi zimabisala. Kansalu kolembedwa kamene kali kumunsi kwa lamba wapampando nthawi zambiri kamasonyeza chaka chimene lambayo anapangidwa, ndipo kamathandiza kutsimikiza zaka za galimoto. Poyendetsa, zimitsani wailesi, dutsani pamsewu wa mabampu kuti mumve mashoki ndi mabushi, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto kuti mumve ngati ma CV joint akulira, ndipo kwerani chitunda kuti muone ngati giyabokosi ikuterereka kapena ngati muvi wa kutentha ukukwera. Wogulitsa amene akukana kuti galimoto ipite kwa makaniko wanu wakuyankhani kale funso limene munabwera nalo.

Zitsulo zikakhala bwino, patsala mapepala, ndipo apa m'pamene munthu angataye galimoto yonse osati sipeyala chabe. Nambala ya chasisi imene yadindidwa pa chitsulo cha galimoto iyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi imene ili mu blue book, chikalata cha umwini wa galimoto, ndipo dzina la mu blue book liyenera kukhala la munthu amene akukugulitsaniyo, mogwirizana ndi chiphaso chake cha unzika. Mawu akuti "ndi ya achimwene anga, ali ku Joni, koma anandiuza kuti ndigulitse" asakukhutiritseni popanda kalata yomveka ndi kulankhula ndi mwini wakeyo. Fufuzani ngati galimotoyo siinaikidwe chikole pa ngongole ya kubanki kapena ya katapila, ngati msonkho wake unalipiridwa wonse ku MRA, komanso ngati siinalowe m'dziko mwa chilolezo chapadera chosalipira msonkho, chifukwa yotereyo ikagulitsidwa popanda chilolezo cha MRA, msonkho wotsalawo ukhoza kutsatira galimotoyo m'manja mwanu. Apolisi amathandiza kutsimikiza kuti si yobedwa, zimene n'zofunika makamaka pa galimoto zolowa kudzera ku Mwanza kapena ku Dedza kuchokera kumwera.

Kusintha umwini kuchitikire ku ofesi ya Road Traffic, imene dzina lake lonse ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, inu ndi wogulitsa muli pomwepo, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe kudzera kubanki pa tsiku lomwelo, pali mgwirizano wolembedwa ndi mboni. Musalole madobadoba oima panja kuti akuyendetsereni mapepala mwachidule, chifukwa chikalata cholakwika chidzagwidwa m'manja mwanu, iwo atapita kalekale. Anthu ambiri amayenda zaka ndi galimoto imene ili m'dzina la mwini wakale poopa ndalama yosinthira, osadziwa kuti tsiku la ngozi, la kubedwa, kapena tsiku limene mwini wakaleyo wamwalira ndipo abale ake akuwerenga chuma cha masiye, lamulo lidzayang'ana dzina limene lili m'kaundula. Mukatha kusintha, onetsetsani kuti COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ili ndi masiku, ndipo dulani inshuwalansi galimoto isanatuluke pageti. Lamulo limafuna ya third party, imene imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, koma siikonza galimoto yanu. Ngati galimotoyo mwaigula ndi ngongole, kapena ngati mukudziwa kuti itaphwanyika simungathe kugula ina, funsani mtengo wa comprehensive, imene imalipiranso kuonongeka kwa galimoto yanu, ndipo muuwerengere limodzi ndi sevisi yoyamba, imene iyenera kuchitika sabata yomweyo: oyilo wa injini, mafyuluta, mabuleki, madzi a radiyeta, ndi lamba wa timing ngati injiniyo ili ya lamba ndipo palibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa.